Kalata ya Gandhi imene inacotsedwa pa okushoni ku London

Albin Schram atamwalila mu 2005 ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, anasiya cuma cake pamalo amene kawalala sangaganizile n'komwe. M'cipinda cocapilamo zovala, pakati pa makina ocapila na makina oumitsila, munali kabati ya mafaelo monga zija za m'maofesi a boma. M'kati mwake munali makalata na zolemba zina pafupifupi 1,000, zolembedwa pamanja. Munali za Mfumukazi Elizabeth Woyamba wa ku England, Peter the Great wa ku Russia, Napoleon, Winston Churchill, Isaac Newton, Beethoven na Mahatma Gandhi. Mdalayu anabadwila ku Prague mu 1926, anasebenzapo nchito za m'banki, ndipo kwa zaka zoposa 30 anali kugula mapepala amenewa limodzi-limodzi, osacita congo.

Pa 3 July 2007, kampani ya Christie's inagulitsa katunduyo ku London, ndipo tsikulo panalowa mapaundi 3.8 miliyoni. Imene inaposa zonse inali kalata ya Napoleon yopita kwa Josephine, yolembedwa asanakwatilane, m'mawa mwake atakangana usiku. Msilikali wacinyamata akudandaula na kunyengelela cisumbali cake, nkhani yake ni imeneyo cabe. Inagulidwa mapaundi 276,000, kuwilikiza kasanu mtengo umene akatswili anali kuyembekezela. Kalata yomweyi ndiyo inayambitsa cilakolako ca Schram, cifukwa anailandila monga mphatso kwa wacibale mu 1973.

Pa zinthu zonse zimene zinalengezedwa kuti zidzagulitsidwa, cimodzi sicinafike pa tebulo la wogulitsa. Cinacotsedwa malonda ali pafupi kuyamba. Cinali colemba ca Gandhi, ndipo nkhani yanga yagona pamenepo. Koma coyamba tione mmene msika umenewu umaikila mitengo.

Amene anaonako mabelifu akugulitsa filiji na masofa a munthu wolephela kubweza nkhongole adziwa kale mmene okushoni imayendela. Wogulitsa amachula mtengo woyambila, ogula amapikisana kuukweza, ndipo wotsiliza kukweza dzanja ndiye amatenga katundu kanyundo kakagunda. Ku Christie's na ku Sotheby's n'cimodzi-modzi, kungoti ogula ambili sabwela m'holo. Amatuma munthu, kapena amapikisana pa foni na pa intaneti, ndipo dzina lawo silichulidwa ngati iwo safuna. Pamwamba pa mtengo wa kanyundo, wogula amalipilanso gawo la kampani, limene masiku ano limafika olo pa kota ya mtengowo.

Mtengo wa kalata umayamba na funso lakuti ndani anagwila colembela. Atsogoleli amakhala na alembi. Kalata yotaipa imene mtsogoleli anangosainapo imachipa, ndipo yosainidwa na makina imakhala yopanda pake. Mu 1965, wamalonda wa makalata Charles Hamilton analemba buku lathunthu loonetsa kuti masiginecha ambili a John F. Kennedy anali a makina kapena a alembi ake. Imene osonkhanitsa amaifuna ni ija yolembedwa na mwini wake kucokela pa deti mpaka pa siginecha, yokhala na pofufuta na podontha inki. Kenaka amayang'ana zimene kalatayo ikamba. Mu April 2008, kalata yaifupi ya Abraham Lincoln inagulidwa madola 3.4 miliyoni ku Sotheby's ya ku New York. Anailemba mu 1864 poyankha ana 195 a ku Concord, m'cigawo ca Massachusetts, amene anamupempha kuti amasule ana onse a akapolo. Mu December 2009, kalata ya George Washington ya mu 1787, yofotokozela mwana wa mng'ono wake cifukwa cake anali kucilikiza malamulo atsopano oyendetsela dziko la America, inagulidwa madola 3.2 miliyoni. Dzina lochuka likakumana na nkhani imene mtundu wolemela umaikonda, mtengo umauluka.

Pamene pali ndalama zotele, atambwali sasowa. Wa onse, amene amaniseketsa ni Vrain-Lucas wa ku France. Pakati pa 1861 na 1869 anagulitsa zolemba zabodza pafupifupi 27,000 kwa Michel Chasles, katswili wa masamu wolemekezeka kwambili. Munali makalata a Cleopatra, a Julius Caesar, a Pontiyo Pilato na a Yudasi Isikariyoti, onse olembedwa m'Cifalansa. Chasles anagula ndithu. Vrain-Lucas anagamulidwa zaka ziwili m'ndende mu 1870. N'cifukwa cake masiku ano wogula wanzelu amafuna kudziwa manja onse amene pepala linadutsamo asanatulutse ndalama.

Manje tibwelele kwa Gandhi. Manyuzipepa anacicha kalata, koma kweni-kweni cinali colemba ca pamanja ca nkhani yopita m'nyuzipepa yake ya mlungu na mlungu yochedwa Harijan. Anacilemba pa 11 January 1948. Dziko la India linali litangolandila ufulu mu August 1947, ndipo tsiku la ufulu linabwela pamodzi na kugawidwa kwa dzikolo pawili, India na Pakistan. Anthu oposa 10 miliyoni anathawa m'nyumba zawo, Ahindu na Asikh kulowela uku, Asilamu kulowela uko, ndipo masauzande mazana-mazana anaphedwa m'njila. Mu Delhi, Asilamu otsala anali kukhala mwamantha. Cidani cinafika mpaka pa zilembo: anthu anayamba kunyansidwa na kalembedwe ka Ciurdu cifukwa anali kukaona monga ka Asilamu. Nyuzipepa ya Gandhi inali kutulukanso m'zilembo za Ciurdu, ndipo oigula anali atacepa kwambili. M'colembaco, mkulu wa zaka 78 anali kudandaula na zimenezi na kucondelela Ahindu anzake kuti asataye kalembedweko, ndiponso kuti alolelane na Asilamu. Patapita masiku awili anayamba kusala kudya kwake kotsiliza, kofuna kuti kuphana kulekeke mu Delhi. Pa 30 January, patangopita masiku 19 cilembeleni, Nathuram Godse anamuwombela mfuti ku Birla House. Mlandu wake kwa Godse unali womwewo, wakuti anali kukondela Asilamu.

Akatswili a ku Christie's anaika mtengo woyembekezela wa colemba cimeneci pakati pa mapaundi 9,000 na 12,000.

Ikani manambala awiliwa pafupi, 276,000 na 12,000. Kwina kuli mnyamata wopepesa mkazi, kwina kuli mau amene munthu anafela. Akatswiliwo sanalakwitse masamu. Gandhi anali kulemba tsiku lililonse, m'sitima, m'ndende, pa ulendo wapansi, ndipo dzanja lamanja likalema anali kulemba na lamanzele. Zolemba zake zosindikizidwa zinadzaza mabuku 100. Katundu woculuka sadula. Makalata acikondi a Napoleon a nthawi ija ni owelengeka, ndipo ogula amene amamulota ali na matumba akuya. Conco mtengo wa pa okushoni umakuuzani za kusowa kwa pepala na za cuma ca olifuna. Za kulemela kwa zimene zinalembedwapo, kanyundo sikadziwa kalikonse.

Ku India nkhaniyi inautsa mkwiyo. Bungwe la Navajivan Trust la ku Ahmedabad, limene Gandhi analisiyila zolemba zake m'wilo yake, linakamba kuti pepalalo ni lawo. Boma la India linalowelelapo, linakambilana na Christie's pamodzi na oyang'anila cuma ca Schram, ndipo colembaco cinacotsedwa pa malonda n'kubwezedwa ku India.

Funso lakuti mwini wa kalata ndani n'lovutilapo kuposa mmene limaonekela. M'malamulo a maiko ambili, pepala limakhala la amene analandila kalata, pamene ufulu wosindikiza mau ake umatsala kwa wolemba na olowa m'malo mwake. Ngati mtsogoleli analembela agogo anu, agogowo ali na ufulu wosunga kalatayo, woigulitsa, olo woyatsila mbaula. Boma lingakambe kuti ni cuma ca mtundu wonse, koma pepala likawoloka malile n'kufika ku London, malamulo a dziko limene linacokela samagwila bwino kumeneko. Cotsala cimakhala kucondelela kapena kulipila.

Sinifuna kupanga osonkhanitsa makalata kukhala afiti. Mapepala ambili akale alipo lelo cifukwa cakuti wina anawaikila mtengo. Pepala limene anthu amaliona kuti n'lopanda nchito limathela pokulunga nshawa kapena kudyedwa na ciswe. Schram anasunga zake bwino kwa zaka zambili, ngakhale kuti wosunga zolemba zakale aliyense angagwile kumutu kumva kuti zinali m'cipinda ca cinyontho. Cimene cimanivutitsa cimayamba kanyundo kakagunda. Zimene Schram anasonkhanitsa kwa zaka 30 zinamwazikana tsiku limodzi, kupita kwa ogula amene ambili a iwo maina awo sanalengezedwe. Wofufuza mbili amene afuna kuwelenga imodzi mwa makalatawo afunika kudikila mpaka mwini watsopanoyo amwalile, ana ake aibweletsenso pa msika.

Palinso vuto lina, ndipo kwa ine ndilo lalikulu. Okushoni imagulitsa makalata imodzi-imodzi, pakuti m'mene muli phindu. Koma kalata imodzi ni theka la makambilano. Popanda imene inali kuyankhidwa na imene inatsatila, mungaikambitse ciliconse. Ife a Zambia tinaziona zimenezi. Mu April 1971, John Vorster, nduna yaikulu ya boma la tsankho la South Africa, anaulula kuti a Kenneth Kaunda akhala akulembelana naye mwakabisila kuyambila mu 1968. Colinga cake cinali kuwanyazitsa pamaso pa maiko a mu Africa, kuti aoneke monga munthu wa pawili, wotukwana tsankho masana n'kumacezela Mabunu usiku. Boma la Zambia linayankha mwa kusindikiza makalatawo, a mbali zonse ziwili, kuti aliyense adziwelengele zimene a Kaunda anauza Vorster. Cimene cinawateteza cinali mndandanda wathunthu. Tsamba limodzi locotsedwa pakati likanathandiza Vorster.

Gandhi mwini wake anali kudziwa kuti dzina lake ni ndalama. Wofuna siginecha yake anali kulipila marupee asanu, olo akhale munthu wamkulu bwanji, ndipo ndalamazo zinali kupita ku thumba lothandizila anthu amene Ahindu a mitundu yapamwamba anali kuwaona monga osayenela kukhudzidwa. Mphatso zimene anthu anali kumupatsa pa misonkhano anali kuzigulitsa pomwepo mopikisanitsa mitengo, kuti thumbalo likule. Conco malonda a dzanja la Gandhi anayambitsa ni Gandhi. Cinasintha ni kumene ndalama zimapita. Mu March 2009, magalasi ake a m'maso, nkhwaila, wochi ya m'thumba, mbale na bakuli zinagulitsidwa ku New York pa madola 1.8 miliyoni. Wogula anali Vijay Mallya, mpondamatiki wa ku India amene analemela na mowa wa Kingfisher. Gandhi anathela moyo wake wonse akulimbana na mowa.

Mu 2012 boma la India linapezekanso pa mpanipani, ndipo apa nkhani inafika kum'mwela kwa Africa kuno. Gandhi anakhala ku South Africa kucokela mu 1893 mpaka 1914, ndipo mnzake wapamtima kumeneko anali Hermann Kallenbach, Myuda wocokela ku Germany amene anali katswili wolemba mapulani a nyumba mu Johannesburg. Kallenbach ndiye anagula malo amene anachedwa Tolstoy Farm mu 1910 n'kuwapeleka kuti pazikhala mabanja a otsatila Gandhi. Iye atamwalila mu 1945, mapepala ake anatsala m'manja mwa acibale, amene anakhazikika ku Israel. Mu July 2012, Sotheby's inali itakonzeka kugulitsa mulu wa makalata, zithunzi na zolemba zina masauzande, pa mtengo woyembekezela wa mapaundi 500,000 mpaka 700,000. Tsiku la malonda lisanafike, boma la India linalipila mapaundi 825,250 n'kutenga zonse.

Anthu ambili anakayikila colinga ca kugula kumeneku. Caka capambuyo pake, mu 2011, mtolankhani wa ku America Joseph Lelyveld anatulutsa buku lochedwa Great Soul, limene linafotokoza za cikondi cacikulu ca m'makalata a Gandhi opita kwa Kallenbach. Manyuzipepa ena anathamangila kulemba kuti awiliwo anali pa cibwenzi, ngakhale kuti Lelyveld anakana kuti buku lake linakamba zimenezo. Boma la cigawo ca Gujarat, kwawo kwa Gandhi, linaletsa bukulo lisanafike n'komwe m'mashopu a ku India. Conco pamene boma linathamangila kugula mapepala a Kallenbach, ena anati lifuna kuwatsekela m'kabati. Mu January 2013, nyumba yosungilamo zolemba zakale ya dziko la India inaonetsa poyela ena mwa makalatawo ku Delhi, ndipo congo cinacepako. Koma kukayikila kuja kunali na nzelu yake. Boma nalonso lingabise pepala, ndipo lili na zifukwa zambili zobisila kuposa munthu wolemela wa ku Lausanne.

Kufunika kwa mapepala otseguka kwa onse kumaoneka bwino pa nkhani imene imatikhudza ife anthu akuda. A Kaunda anali kukamba poyela kuti njila ya Gandhi yomenyela ufulu popanda ciwawa ndiyo inawaumba, ndipo anakafikako ku India. Ambili a ife tinakula na Gandhi ameneyo. Koma Gandhi wacinyamata wa ku Durban analemba zonyoza anthu akuda, anasebenzetsa liu lotukwana limene azungu a kumeneko anali kutiitana nalo, ndipo anadandaula kuti Amwenye sayenela kulowela khomo limodzi na anthu akuda pa positi ofesi. Zimenezi tinazidziwila m'mabuku 100 aja, amene boma la India lenilenilo linasindikiza. Aphunzitsi na ophunzila a pa University of Ghana anawelenga mau amenewo, ndipo ciboliboli ca Gandhi cinacotsedwa pa sukulupo mu December 2018. Caka comweco, acinyamata a ku Blantyre anapita ku khoti n'kuimitsa nchito yoimika cina mumzinda wawo. Ena amati Gandhi anasintha maganizo atakula, ena amati sanapepese. Mkangano umenewo ni wabwino, ndipo umatheka cifukwa onse awili angatsegule tsamba limodzi n'kuwelenga. Zolembazo zikanakhala zomwazikana m'makabati a anthu olemela 500, tikanatsala na Gandhi wa pa ndalama ya pepala ya India cabe, womwetulila.

Njila ya India yogula ciliconse ili na msampha wake. Aliyense amene ali na kalata ya Gandhi m'sutikesi anaphunzila kuti kulengeza okushoni ku London kumautsa mkwiyo ku Delhi, ndipo mkwiyo umabweletsa wogula amene sangabwelele m'mbuyo. Boma likalipila kamodzi, mtengo wa kalata yotsatila umakwela. Niganiza kuti pa mapepala a Kallenbach India inacita bwino, cifukwa inagula mulu wathunthu usanang'ambidwe m'tuzidutswa. Pa kalata imodzi-imodzi imene mau ake anasindikizidwa kale, kulipila mamiliyoni n'kugula fungo la inki. Kopi yojambulidwa bwino, yoikidwa pamene mwana wa sukulu angaipeze, imagwila nchito ya mbili mokwanila.

Kwa ife amene boma lathu silingapikisane na mamiliyoneya a ku New York, mpata uli pa nthawi imene pepala lisanakhale na mtengo. Anthu amene anamenyela ufulu wa dziko lino anali kulembelana makalata, kucokela ku Kabompo kumene a Kaunda anatsekeledwa mu 1959, kucokela m'ndende, kucokela m'nthambi za ANC na UNIP m'makomboni. Zolemba za UNIP zinajambulidwa mothandizidwa na British Library, ndipo National Archives ili pa Government Road mu Lusaka. Koma kalata yopita kwa munthu imathela m'nyumba ya munthuyo, m'thilanki ya pansi pa bedi, pamodzi na makhadi a cipani na zithunzi za ukwati. Tsiku logawana katundu wa malemu, acibale amalimbilana filiji na malata. Mapepala amasesedwa.

Colemba ca Gandhi cimene cimanikhudza kwambili sicili ku India. Pa 2 June 1947, Lord Mountbatten, wolamulila wotsiliza wa Britain ku India, anamuitana kuti amuuze za pulani yogawa dzikolo, imene inali kudzalengezedwa tsiku lotsatila. Mountbatten anali na nkhawa kuti Gandhi adzaitsutsa poyela. Koma tsikulo linali Lolemba, ndipo pa Lolemba lililonse Gandhi sanali kukamba. Anakhala pansi, anatenga maenvulopu akale amene anthu anamutumizilamo makalata, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake na pensulo. Anapepesa kuti sangakambe, ndipo sanatsutse pulaniyo. Mountbatten anasunga maenvulopuwo pakati pa mapepala a banja lake ku Broadlands, ku England. Pamene mapepala a ku Broadlands anaikidwa pa malonda, University of Southampton inasonkhetsa mapaundi 2.85 miliyoni n'kugula mabokosi onse pafupifupi 4,500, kuti asagawidwe pa okushoni. Maenvulopu aja ali m'gulu limenelo, ndipo kutsogolo kwake kukali maadilesi a Gandhi olembedwa na anthu amene anamutumizila makalata.